A Twaibu, telala amene ankati saona mwezi

Chaka chino n'choyamba kufunga Ramazani popanda agogo a Twaibu, ndipo ndikuuzeni, ngakhale mwezi weniweniwo wasowa wouyang'anira. Dzulo linali tsiku la twente-naini, ndiye tinakwera pachulu chakuseri kwa mzikiti kukaufunafuna. Tinalipo anthu mamiliyoni awiri. Chabwino, mwina makumi atatu, koma phokoso lake linali la mamiliyoni awiri. Aliyense akuloza kwake, uyu kumapiri, uyu pamwamba pa mutu, kamwana kena mpaka kuyang'ana kunyanja, ngati tikusaka nkhuku yothawa. Ndinaseka, kenaka ndinakumbukira agogo. Ndiye ndati ndilembe za iwo. Sukulu ndinamaliza, ntchito kulibe, ndipo amayi akuti pakamwa panga pakufunika tchuthi.

A Twaibu anali amalume awo a amayi anga, ndiye kwa ine agogo. Anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde la nyumba yawo, m'mbali mwa kamsewu kopita ku Chia, khonde lofulatira nyanja n'kuyang'ana kolowera dzuwa. Munthu wake wamfupi, woonda moti mwera ukaomba agogo aakazi, a Mwanaisha, ankawaika miyala m'matumba. Izi ndawonjezera pang'ono. Koma za tepi yoyezera sindikuwonjezera: inkakhala m'khosi mwawo kumsika, kumaliro, mpaka mumzikiti. Magalasi anali omanga ndi ulusi, ndipo ankalankhula mapini ali pakamwa, zomwe zinkachititsa kuti aliyense amvetsere mwamantha.

Vuto lawo linali limodzi. Ukapita kukayezetsa thalauza, unkabwerako ukudziwa kuti dziko likuzungulira ngati gudumu la makina, koma thalauza osaitenga. Ankakuyeza chiuno n'kukuuza kuti waimirira pa mpira umene ukuthamanga kuposa minibasi iliyonse ya ku Dwangwa, ndipo sukugwa chifukwa mpirawo ukukukoka. Munthu wina anabwera kudzaikitsa zipi ali mnyamata, anachoka ali ndi imvi.

Zimenezi anazitenga kuwiri. Bambo awo ankayendetsa ngalawa ya matanga kuwoloka nyanja, ndipo anawaphunzitsa kuti nyenyezi iti imatulukira pati, nyengo iti. Kenaka tsiku lina wogulitsa kaunjika anawabweretsera jekete kuti aichepetse, ndipo m'thumba lamkati munali kabuku kopanda chikuto, ka Chingerezi, kofotokoza zakuthambo. Agogo ankati bambo awo anawapatsa "pati", kabukuko kanawapatsa "chifukwa chiyani". Chingerezi chawo chinkathera pa gudumoning'i, ndiye mwana wasukulu aliyense wong'ambika yunifomu ankawawerengera tsamba n'kuwamasulira, iwo akusoka chigamba. Ine yunifomu yanga inkang'ambika kawirikawiri chifukwa cha mitengo ya mango, ndiye kabukuko ndinakawerenga maulendo chikwi.

Koma akamafotokoza okha zinkakoma kuposa za m'bukumo. Mwezi, ankati, ulibe moto wakewake, uli ngati mbale ya chitsulo yoyanika pathandala, umangobweza kuwala kwa dzuwa. Ukawafunsa chifukwa chake umakula n'kuchepa, ankanyamuka, n'kutola chitumbuwa m'beseni la malonda la agogo aakazi, n'kuchikweza padzuwa. "Ona, theka lawala, theka lada. Nthawi zonse theka. Tsopano usasunthe." Ndiye ankakuzungulira nacho pang'onopang'ono, iwe n'kumaona mbali yowala ikukula, kenaka ikuchepa, mpaka afike nacho kumene kuli dzuwa n'kukusiyira mbali yakuda yokha. "Wafa? Sunafe. Wangokufulatira."

"A Twaibu, bwezani mwezi wangawo m'beseni!" a Mwanaisha ankakuwa ali kuseri. "Anthu adya bwanji chitumbuwa chozungulira dziko?"

Awiriwa anakangana zaka makumi asanu popanda holide. Agogo aamuna atanena kuti chitsulo cha sizasi yawo chinaphikidwa m'mimba mwa nyenyezi imene inaphulika kalekale dziko lisanakhalepo, agogo aakazi anati n'chifukwa chake ili yobuntha, ndi yakale kwambiri. Atanena kuti kuwala kwa dzuwa kumayenda mphindi zisanu ndi zitatu kuti kutipeze, ndiye dzuwa limene timaliona ndi nkhani yochedwa, agogo aakazi anati ndiye dzuwa ndi telala, nalonso silifika pa nthawi yake.

Ine chimene chinandikhala m'mutu ndi cha batani. Ankamanga batani ku ulusi n'kumalizunguza pamwamba pa mutu. Ankati mwezi ukugwa tsiku ndi tsiku kubwera kwa ife, koma ukuthamangiranso chammbali, ndiye umangophonya dziko, kuphonya, kuphonya, mpaka lero. Ulusi wake ndi wosaoneka, koma ndi womwewo umene umagwetsa mango. Nyenyezi nazo ankati ndi madzuwa, ena aakulu kuposa lathuli, kungoti ali kutali. Ankafanizira ndi nyali za asodzi a usipa: ukakhala m'bwato imakuthobwa m'maso, ukakhala kumtunda ndi kadontho. Za Nthanda ankachita kukwiya. Ankati si nyenyezi imeneyo, ndi dziko linzathu lobwereka kuwala ngati mwezi, anthu akungoipatsa udindo waulere.

Ena mumzikiti ankanong'ona kuti mkuluyu akusuzumira kwambiri m'zinthu za Allah. Iwo ankayankha kuti ukatembenuza malaya n'kuyang'ana msoko wake, sukunyoza wosokayo, ukufuna kudziwa kuti dzanja lake ndi lotani. Swala, mapemphero athu, sankaphonya. Pakhoma la khonde analembapo mizere ndi choko chosokera, ndipo mthunzi wa nsanamira ukafika pamzere wa mwezi umenewo ankaimitsa makina pakati pa msoko n'kupita kukatawasa, kusamba kokonzekera swala, muazini woitanira anthu kumzikiti asanatsegule n'komwe pakamwa.

Tsopano nkhani ya dzina lija. Kwa osadziwa: Ramazani ikafika tsiku la twente-naini, dzuwa likalowa timafunafuna mwezi watsopano. Ukaoneka, mawa Idi. Ukapanda kuoneka, tifunganso tsiku limodzi. Ena amadikira wailesi ndi mafoni, koma akuluakulu a kamzikiti kathu amafuna maso a anthu a pompano, awiri, olumbira pamaso pa a Shehe. Ndiye ganizani nokha: ndani m'mudzi amene tsiku loonjezera limamukomera? Telala, amene nyumba yake yadzaza nsalu za Idi.

Ndili Sitandade 7 kunachitika mkangano. A Rajabu, ogulitsa nyama ya mbuzi, munthu wamkulu ngati nkhokwe, amene njala ya Ramazani imawayamba Ramazani isanayambe, anatsika pachulu akukuwa kuti auona. Mlamu wawo anati nayenso wauona. Agogo anangofunsa modekha.

"A Rajabu, mwauona pati?"

"Apo, pamwamba pa mgwalangwa."

"Nyanga zake zaloza kuti?"

"Pansi. Ngati mbale yovundikira."

Agogo anachotsa mapini pakamwa, chizindikiro choti zinthu zavuta. Anati mbali yowala imayang'ana kumene kuli dzuwa, ndipo dzuwa lalowa pansi, ndiye mimba ya mwezi ikhale pansi, nyanga m'mwamba ngati bwato. Anatinso m'mawa womwewo, popita ku swala ya m'bandakucha, anauona mwezi wakale uli kum'mawa pamwamba pa nyanja, usanakumane n'komwe ndi dzuwa. Ungadumphe bwanji dzuwa tsiku limodzi n'kukaonekera mbali inayo? Uli ndi njinga yamoto?

Anthu anaseka, koma a Rajabu anaseka kwambiri. "Tamverani atelala! Mwatsala ndi malaya angati, a Twaibu? Nenani tikuthandizeni kuika mabatani, m'malo motigoneka ndi njala!"

Basi, chulu chonse chinagwa ndi phwete. A Shehe anali ndi anthu awiri olumbira, analandira. M'mawa mwake kunali Idi. Agogo anapita kukaswali ndi anzawo, poti ankati Idi si ya munthu mmodzi, koma mpunga wa tsiku limenelo anaudya ngati akumwa kwinini. Ndipo zovala zonse chaka chimenecho anali atamaliza, zitasitidwa, zili pachingwe. Palibe amene anakumbukira zimenezo. Chimene anakumbukira ndi kanyimbo kamene ana anapeka, koti telala saona mwezi, maso ake ali pa singano. Ndikuulula, nanenso ndinakayimbapo kamodzi. Kanali kokoma.

Zinawapweteka. Munthu amene ankalankhula mpaka ntchentche kugona anayamba kusoka chete. Pachulu ankapitabe chaka chilichonse, n'kuima pamalo awo pambali pa chitsa, koma osatsegula pakamwa. Akati, "A Twaibu, mukuti bwanji?" iwo ankangoti, "Funsani a maso." Tsiku lina ndinawamva akuuza agogo aakazi kuti munthu akakutcha wochedwa ndi zoona, palibe mlandu, koma akakutcha wonama pa zinthu za Mulungu chifukwa cha mabatani, dzinalo umapita nalo kumanda.

Za kumandako ankazinena moseka masiku ena. Ankati sanda, nsalu yoyera imene timakulungira maliro, ndi chovala chokhacho chimene sadzachedwa nacho, poti sichisokedwa. Anamwalira miyezi ingapo itadutsa Idi ya chaka chatha, nthawi yozizira, chifuwa. Tinawaika tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke. Agogo aakazi anati aka n'koyamba bamboyu kuchita chinthu tsiku lomwelo, kenaka analira mpaka mawu kutha.

Koma ndathamangira kutsogolo ndisanakuuzeni chachikulu. Ndili Fomu 2, pakati pa Ramazani, agogo anagwidwa malungo masiku khumi. Atadzuka, nsalu zinali zitaunjikana mpaka kudenga, phiri loti ukalikwera ukhoza kuona ku Mozambiki. Munali kanzu ya a Shehe, madiresi a ana aakazi anayi a a Rajabu, diresi yanga, za mudzi wonse. Anapalasa makina mpaka miyendo kutupa, koma pofika tsiku la twente-naini zoposa theka zinali zisanathe. Tsiku limodzi loonjezera likanawapulumutsa, poti zambiri zinali zodulidwa kale.

Ndipo madzulo amenewo mitambo inatseka kumadzulo konse ngati bulangete. Titamasula kufunga ndi madzi, amuna ataswali, anthu anakwera pachulu, anayang'ana, n'kuyamba kutsika mmodzimmodzi kukadya futali, chakudya chomasulira kufunga. Amayi anandinong'oneza kuti Allah wawamvera chisoni amalume. Agogo aakazi anawakoka malaya. "Tiyeni kunyumba, bambo inu. Mwapatsidwa tsiku laulere, musalikane."

Iwo osasuntha. Anatambasula mkono kuloza pamene dzuwa linalowera, n'kuyeza ndi chikhatho kukwera m'mwamba, ngati akuyeza nsalu. N'kungoyang'ana pamalo amodzi amenewo, pamtambo. Ine ndinatsala chifukwa ndinkafuna kuwafunsa za diresi yanga. Kenaka mtambo unang'ambika pang'ono, kampata ngati kobowolera batani. Mwezi sindinauone msanga. Ndinaona nkhope yawo. Inachita ngati ya munthu amene wakumana ndi mnzake wapamtima pa tsiku limene m'nyumba mulibe chakudya.

Ndinayang'ana uku ndi uku. Anthu onse anali atafulatira. "Agogo," ndinanong'ona, "palibe amene waona kuti mwaona."

"Iwe, ine, ndi Mwini mwezi," anatero. "Tachuluka kale."

N'kukuwa, mawu amene sindinkadziwa kuti angatuluke m'kathupi kameneko: "A Rajabu! Tabwerani kuno msanga!"

A Rajabu anali atafika kale m'munsi, fungo la futali likuwakoka. Anabwerera akuwefuka. "N'chiyaninso atelala? Singano yagwa?"

Agogo anakwera pachitsa kuti awafikire, anawagwira mutu ndi manja awiri ngati akuwayeza kofia, n'kuutembenuza. "Tsatani mkono wangawu. Musaphethire."

"Palibe kanthu apa."

"Tsikani pang'ono. Pakampatapo."

"Ndikungoona kaulusi koye..." Anasiyira pomwepo. Pakamwa yasa. Anayang'ana nthawi yaitali, mpaka mtambo unayamba kutseka. Kenaka, ndi mawu ang'onoang'ono ngati a mwana, anafunsa, "Kodi umakhala woonda chonchi?"

Anthu amene anabwerera kudzaona anamva onse. Munthu amene anakhala akuona mwezi chaka ndi chaka wafunsa ngati umakhala woonda chonchi! Ine ndinakonzeka kale kuseka, ndinkadikira agogo awalase. Anali ndi zaka zitatu za mawu osungira. Koma anangowasiya mutu, n'kuwakonza kolala, n'kunena kuti, "Ukamabadwa umatero. Mwaona nyanga?"

"M'mwamba," a Rajabu anatero. "Ngati bwato."

Anatsika limodzi kupita kwa a Shehe, nkhokwe ndi singano, ife tikutsatira. A Shehe anamvetsera, anawalumbiritsa, kenaka anayang'ana agogo nthawi yaitali.

"A Twaibu, kanzu yanga mwamaliza?"

"Ayi, a Shehe. Ilibe kolala, ilibe mkono umodzi."

"Ndiye mukudziwa chimene mukunenachi?"

"Ndikudziwa. Mawa Idi."

Abale anga, Idi imeneyo sidzaiwalika mpaka kiyama, tsiku la chiweruzo. Mudzi wonse unapita kukaswali utagwiridwa ndi mapini. Munthu akawerama umangomva "ayi!" uku, "mayo!" uko. A Shehe anavala kanzu ya chaka chatha yofika m'maondo. Ana a a Rajabu awiri anavala zatsopano, awiri analira mpaka masana. Ine diresi yanga inali ndi mkono umodzi, amayi anandifunditsa mpango n'kundiuza kuti ndisakweze dzanja lamanzere ngakhale njuchi indilume. Azimayi ena anapita pakhonde kukatenga nsalu zawo zosasoka, akulalata mawu osayenera tsiku la Idi, ndipo ena mwa iwo sanabwererenso, anayamba kusoketsa ku Boma. Agogo aakazi anawakalipira agogo aamuna milungu itatu, m'mawa, masana, madzulo, ngati mankhwala. Koma ndinawamva ndekha pamjigo akuuza mayi wina kuti, "Amuna anga amachedwa, inde. Koma kapezeni wanu amene angadziwotchere nyumba chifukwa cha kaulusi ka kumwamba."

Kanyimbo kaja kanafa tsiku limenelo. Ndipo agogo anayambiranso kulankhula, mwina mopitirira. A Rajabu anasanduka mwana wasukulu. Akatseka malonda ankabwera kudzakhala pabenchi ya pakhonde, benchi ikulira, n'kumafunsa mafunso. Ngati dziko likuzungulira, bwanji nyanja sitayika? Ngati Mlalang'amba ndi nyenyezi zambirimbiri zounjikana, ndipo ife tili m'kati mwake, tikuuona bwanji uli uko? Agogo ankati ndi mmene umaonera mzere wa nyali za asodzi iwe uli m'bwato limodzi la mzerewo. A Rajabu ankagwedeza mutu, n'kudya chitumbuwa chimene chinali mwezi.

Ndiye dzulo, anthu akulozaloza ngati osaka nkhuku, a Rajabu anakwera pachulu mochedwa, akupuma ngati ng'ombe. Anatambasula mkono, anayeza ndi chikhatho, anayang'ana kanthawi, n'kunena kuti, "Tsikani, lero kulibe. M'mawa ndauona wakale uli kunyanja. Ulibe njinga yamoto." Mnyamata wina anakuwa kuti, "A butchala saona mwezi!" koma palibe anaseka kwenikweni. A Rajabu, amene mimba yawo inkalira moti tonse tinkaimva, anatipatsa tsiku lina la njala. N'chifukwa chake ndikulemba izi ndili ndi chizungulire. Ndinaonanso kuti anaima pambali pa chitsa, koma osati pamalo penipeni pa agogo. Pamalopo anasiyapo mpata wokwana munthu mmodzi woonda.

Musayembekeze kuti ndinena kuti agogo asanduka nyenyezi. Akanandikwapula ndi tepi. Nyenyezi ndi mpweya wotentha umene ukuyaka, ankati, ndipo munthu akafa amapita kwa Mwini wake, basi.

Masana ano amayi anandituma kukasiya mpunga wa mawa kwa agogo aakazi. Makina anawatenga mwana wawo wa ku Dwangwa, ndiye pasimenti patsala timaenje tinayi pamene miyendo yake inadya pansi, ndi kachigamba kosalala pakati pamene zidendene za agogo aamuna zinkapondaponda. Ukasesa umapezabe mapini m'ming'alu. Pamsomali pali batani lija ndi ulusi wake, mphepo ikaomba limayesa kuzungulira lokha n'kulephera. Nyumba zonse za mzere umenewo azipaka laimu chifukwa cha Idi, koma khoma la pakhonde agogo aakazi akaniza, akuti amene akhudze mizere ya choko adya Idi yake kuchipatala. Ndinakhala nawo pabenchi, m'beseni muli zitumbuwa za futali, zonse zili phee, palibe choyendayenda. Mthunzi wa nsanamira unakwawa pakhoma pang'onopang'ono mpaka unagunda mzere wa mwezi uno, ndendende. Tonse awiri tinayang'ana pa timaenje tija. Kenaka, patapita kanthawi, muazini anayamba.